Funsani Kapitawo: Mukakumba M'mbali mwa Msewu, Mlandu Ndi wa Yani?

FUNSO: Bambo Kapitawo, ndili ndi kakampani ka anyamata 6. Tinapatsidwa ntchito yokumba ngalande yoyalamo mapaipi a madzi m'mbali mwa msewu wa tala. Pamsewu penipeni sitikukumbapo, koma dothi lathu limafika m'mphepete mwa tala, ndipo lole ikabwera kudzatsitsa mapaipi imaima pamsewu. Ndinagula makoni 10 ndi chikwangwani chimodzi chosonyeza kuti pali anthu ogwira ntchito. Injiniya woyang'anira wabwera n'kutiimitsa, akuti tilibe pulani yoyendetsera magalimoto. Kodi uku si kungotipondereza ife ang'onoang'ono?
— Wokumba Ngalande

YANKHO: Achimwene, injiniyayo musamusungire chakukhosi. Akanakulekererani, wodzakuimitsani akanakhala wapolisi, tepi yoyezera ili m'manja, munthu ali chigonere pa tala.

Simunandiuze pamene chikwangwani chanucho chaima, koma ndikhoza kulota. Chili pafupi ndi wilibala, pamene anyamata anu akuchiona bwinobwino. Makontilakitala ambiri amatero, ngati kuti akudziuza okha kuti ali pantchito. Chikhalirecho mwini chikwangwani ndi dalaivala amene akuchokera kutali, sakudziwa n'komwe kuti inu mulipo, mwina dzuwa likumuthobwa m'maso, mwina maso ali pa lole yakutsogolo imene akufuna kuipitirira.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Mainjiniya opanga misewu amapatsa dalaivala masekondi awiri ndi theka oti aone chinthu, azindikire kuti n'choopsa, phazi lifike pa buleki. Pamenepo mamita 55 apita kale, buleki asanagwire n'komwe. Mukaphatikiza ndi mtunda umene galimoto imayendabe mabuleki atagwira, buku la bungwe la AASHTO loona za misewu ku America limawerengera mamita 130. Pa liwiro la 50 ndi mamita 65, pa 100 ndi mamita 185. Liwiro langowirikiza kawiri, koma mtunda wawirikiza pafupifupi katatu. Pamtsetse umatalikiranso, ndipo lole yodzaza siima msanga ngati kagalimoto kakang'ono. Ndiye chikwangwani chimene chili mamita 10 kuchokera pa fosholo ya mnyamata wanu chimangouza dalaivala dzina la chimene wagunda.

Pulani imene akufunayo si chibuku chachikulu ayi. Pa ntchito ngati yanuyi mapepala awiri akwana: chojambula cha msewu, ndi mitunda yolembedwa pamenepo. Poyamba pamakhala pochenjeza. Buku la zikwangwani la ku America, lotchedwa MUTCD, limati pamsewu wa kunja kwa tauni zikwangwani zitatu zitalikirane pafupifupi mamita 150, kutanthauza kuti choyamba chili pafupifupi theka la kilomita kuchokera pamene makoni ayambira. M'tauni, momwe magalimoto amayenda pang'onopang'ono, mamita 30 amakwana. Kenako pamabwera mzere wa makoni wopendekeka, wokankha magalimoto kuti achoke kumbali yanu. Ukatha mzerewo pamafunika malo apululu, opanda munthu, opanda katundu. Apa ndi pamene ndimakangana ndi anthu nthawi zonse. Amaona malo abwino opanda kanthu, basi aimikapo galimoto ya abwana, athirapo mchenga, anyamata n'kumapumirapo masana. Malowo ndi a dalaivala amene walephera kuima. Akafika pamenepo apeze mphepo yokha. Ndiye pamabwera malo antchito enieniwo, ndipo kumapeto chikwangwani chonena kuti ntchito yathera pano. Zonsezi muchite mbali zonse ziwiri, poti magalimoto sachokera kumodzi.

Za makoni 10 aja. Pamsewu waukulu wa mizere iwiri yolowera kumodzi, kutseka mzere umodzi wa mamita 3.5 pa liwiro la 80 kumafuna makoni ondanda mtunda wa mamita 175 malinga ndi kawerengedwe ka buku lomwelo, ndiye kuti anu onse athera pomwepo n'kupereweranso, ngalande musanaifike. Koma ngati msewu wanu ndi wamba, mzere umodzi wopita wina wobwera, nkhani ndi ina. Lole ikaima pamenepo mwatseka mbali imodzi, ndipo magalimoto ayenera kudutsa mosinthana. Mzere wa makoni umakhala waufupi, mamita 15 mpaka 30, mwadala, kuti dalaivala aime m'malo mongokhotetsa chiwongolero ali pa liwiro. Ndipo pamafunika anthu awiri oimitsa ndi kulola magalimoto, wina uku wina uko, ngakhale loleyo ikungoima mphindi 20.

Manambala ndi mitundu ya zikwangwani zimasiyana dziko ndi dziko. M'mayiko otsatira buku la SADC zikwangwani zosakhalitsa zimakhala zachikasu, ku America zimakhala za olenji, ku Britain amatsata gawo la buku lawo lotchedwa Chapter 8. Inu funsani injiniyayo buku limene kontirakiti yanu yatchula, mutsate limenelo. Mumufunsenso za chilolezo. Amene anakupatsani ntchito ya mapaipi si mwini msewu. Msewu ndi wa bungwe loona za misewu kapena khonsolo, ndipo malo ake sathera pamene tala wathera, m'mbali monsemo ndi mwake. Kalata yokulolani kukumba ikhale pamalo antchito, osati mu kabati kunyumba.

Chomaliza, ngalande yanuyo ili pamene anthu amayenda pansi. Mukawatsekera osawakonzera podutsa, alowa pa tala, ana asukulu ndi agogo omwe. Papulani paja podutsa pawo paoneke.

FUNSO: Bambo, ndine mayi ndipo ndimagwira ntchito zing'onozing'ono pansi pa kampani yaikulu. Tinkakonza kalavati, ndipo madzulo tinaweruka titasiya mulu wa miyala m'mphepete mwa msewu, titauzunguliza ndi tepi yofiira ndi yoyera. Usiku munthu wa njinga yamoto anauwomba n'kuthyoka mwendo. Anthu akuti ankathamanga kwambiri ndipo nyali yake inali yofooka. Abale ake abwera kudzafuna chipukuta misozi. A kampani yaikulu akuti iwo sizikuwakhudza, ndikawerenge kontirakiti. Inetu pamalopo panalibe, ndipo amene anasiya miyalayo ndi aganyu. Nditani?
— Mayi Wothedwa Nzeru

YANKHO: Mayi, pepani, ndipo wovulalayo achire msanga. Ndiyamba ndi zoti muchite lero, za malamulo zibwera pambuyo.

Miyala ija ichoke dzuwa lisanalowe, kapena itchingidwe ndi zotchinga zenizeni zokhala ndi nyali, koma muyambe mwajambula malowo monga alili. Ngati muli ndi inshuwalansi, adziwitseni lero lomwe mwa kulemba, chifukwa mapangano ambiri a inshuwalansi amafuna kuti muwauze msanga, ndipo amaletsa kuvomera mlandu kapena kulonjeza ndalama iwo asanalole. Kukaona wodwala kuchipatala ndi umunthu, pitani, koma za amene analakwa musakambe, ndipo pepala lililonse limene abale akupatseni musasaine loya asanaliwerenge. Pezani lipoti la apolisi. Lembani mayina a amene anaona. Kenako nyamulani kontirakiti yonse, osati tsamba la ndalama lokha, mupite nayo kwa loya.

Tsopano zowawa. Bwalo la milandu likamaweruza nkhani ya kusasamala limafunsa ngati munali ndi udindo wosamalira anthu odutsa pamenepo, ngati munachita zimene kontilakitala wosamala akanachita, ndiponso ngati kulephera kwanu ndi kumene kunadzetsa ngoziyo. Funso loyambalo silivuta: woika chinthu pamsewu ndiye wosenza udindo. Lachiwirilo ndi pamene tepi yanu idzakugwetseni. Tepi ija ndi yamasana. Usiku siwala, mphepo ikaomba imagona pansi, ndipo singaimitse ngakhale mwana.

Milandu iwiri ya ku Britain imatchulidwa kwambiri m'mayiko otsatira malamulo ochokera kumeneko, ndipo yonse ndi ya anthu okumba ngati ife. Wina ndi wa Haley ndi London Electricity Board, umene unagamulidwa mu 1964. Anyamata anakumba dzenje panjira ya oyenda pansi, n'kupingasa chida chachigwiriro chachitali choshindira dothi kuti chikhale chenjezo. Munthu woona akanachilambalala. Koma panadutsa bambo wosaona, ndodo yake inachiphonya, anapunthwa n'kugwa, ndipo kuvulalako kunamugonthetsa makutu. Oweruza anati m'misewu mumayendanso anthu osaona, ndipo wokumba ayenera kuwaganizira. Winawo ndi wa Hughes ndi Lord Advocate, wa mu 1963. Ku Edinburgh ogwira ntchito anasiya dzenje la mawaya lotsegula, ataliphimba ndi katenti, atazunguliza nyali za parafini, iwo n'kupita kokapuma. Kamnyamata ka zaka 8 kanatenga nyali imodzi, nyaliyo inagwera m'dzenje, moto n'kuphulika, mwanayo n'kupsa kwambiri. Mlandu unagwera eni ntchito. Onani kuti onsewa anali ataikapo kanthu. Bwalo silinafunse ngati panali chenjezo. Linafunsa ngati chenjezolo linali lokwanira kwa munthu amene akanatha kudutsa pamenepo, pa nthawi imeneyo.

Zoti inu panalibe sizikupulumutsani, ngakhalenso zoti anali aganyu. Munthu amene mwamulemba, mukumuuza chochita, mukumulipira, akalakwitsa ali pantchito yanu mlandu umabwera kwa inu, kaya munamulemba tsiku limodzi lokha.

Liwiro la wanjingayo ndi nyali yake zili ndi ntchito, koma musazidalire mopitirira. M'mayiko ambiri bwalo limagawa mlandu. Likapeza, mwachitsanzo, kuti magawo 40 pa 100 alionse a vutoli ndi a iye mwini, chipukuta misozi chimatsika ndi magawo amenewo, otsalawo n'kukhala anu. Ndipo "anthu akuti" si umboni. Pafunika munthu woti akaime n'kunena zimene anaona ndi maso ake.

Nanga a kampani yaikulu? Akunena zoona theka. Wovulalayo sanasaine nawo kontirakiti yanu, choncho akhoza kusumira inu, iwo, mwini msewu, kapena nonse pamodzi. Kontirakiti imangonena kuti pakati pa inu ndi iwo, womaliza kutulutsa ndalama ndani. Makontirakiti akuluakulu a zomangamanga, monga olembedwa ndi bungwe la mainjiniya la FIDIC, amakhala ndi ndime yoti kontilakitala ateteze mwini ntchito ku milandu ya anthu ovulala chifukwa cha ntchito yake, ndiponso agule inshuwalansi yake. Kampani yaikulu imatenga ndime yomweyo n'kuitsitsira kwa inu, kawirikawiri itaikhwimitsanso. Mawu ake a Chingerezi ndi indemnify, ndipo mukawaona m'pepala muziwerenga ndimeyo kawiri. Komabe musagonje msanga. Loya wanu aone zinthu zitatu izi: ndani analembedwa kuti azibweretsa zikwangwani ndi nyali pamalopo, ndani analamula kuti miyala itsitsidwe pamenepo, ndiponso ngati inshuwalansi ya kampani yaikuluyo imaphimbanso makontilakitala ogwira pansi pake. Zimachitika ndithu kuti imaphimba, koma palibe amene amathamangira kukuuzani. Musadabwenso akayamba kugwira malipiro anu podikira mlanduwu, ndipo muone ngati kontirakiti ikuwalola kutero.

Kwa ena nonse amene simunafike pamene afika mayiwa: akuluakulu anati mlandu suwola. Kalata ya loya imatha kubwera patapita chaka kapena kuposerapo, anyamata amene analipo atabalalika, kalavati atakwiriridwa kalekale. Chimene chidzakuyankhulireni ndi zimene munasunga. Foni muli nayo. Jambulani zikwangwani m'mawa mutangoziika, mujambulenso madzulo poweruka, kuyambira pachikwangwani choyamba mpaka chomaliza. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, nthawi, amene anayendera malowo, ndi chimene anakonza. Ndipo kukada, dutsani pamalo anu pa galimoto kuchokera mbali zonse ziwiri, mukuyang'ana ngati mlendo. Mudzadabwa kuona kuti chikwangwani chimene masana chimaoneka bwino chabisika kuseri kwa udzu, kapena chapakika matope moti nyali siikuchiwalitsa.

Ndikudziwa, zikwangwani zimabedwa, makoni amapondedwa. Koma woweruza akamva kuti chinabedwa, funso lotsatira ndi lakuti munachiona komaliza liti. Mukati Lachisanu madzulo, ngozi n'kukhala ya Lamlungu usiku, mwadzimanga nokha. Ntchito yosiyidwa yotsegula imafuna mlonda kapena woiyendera ngakhale masiku opuma. Chabwino koposa n'kukumba pongokwanira kukwirira tsiku lomwelo.

FUNSO: Lole yanga ili ndi inshuwalansi, ndipo anyamata anga ndinawalembetsa ku za chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Kodi sizokwanira?
— Mwini Lole

YANKHO: Sizokwanira, bambo. Ya lole imaona ngozi zochitika ndi loleyo. Ya anyamata imaona anyamatawo. Mayi wodutsa amene wagwera m'ngalande yanu sali m'gulu lililonse mwa awiriwa, chimodzimodzi mpanda wa eni ake umene mwaugwetsa, kapena chingwe cha intaneti chimene piki yadula pansi. Zimenezi zimafuna inshuwalansi yolipira anthu ena ovulala ndi katundu wawo wowonongeka, imene amati public liability, yomwe nthawi zina imabwera ngati gawo lachiwiri la inshuwalansi ya ntchito yomanga yotchedwa Contractor's All Risks. Pogula, funsani zimene siziphimbidwa. Makampani ena a inshuwalansi salipira mukadula mawaya ndi mapaipi apansi ngati simunayambe mwafunsa eni ake pamene adutsa, ena amaika malire a kuya kwa dzenje, ndipo ambiri amafuna kuti muzitsatira malamulo a zikwangwani. Funsaninso za excess, ndalama imene mumayamba mwatulutsa nokha iwo asanalipire zotsala, muone ngati thumba lanu lingaikwanitse.

FUNSO: Agogo, ine ndine wogwira mbendera. Madalaivala ena amandinyoza, ena amangodutsa ngati sanandione. Komanso kapitawo wathu ntchito ikachuluka amandiitana kuti ndikathandize kusakaniza simenti, akuti kuima ndi mbendera ndi ulesi. Ndichite bwanji?
— Mnyamata wa Mbendera

YANKHO: Mdzukulu wanga, kapitawo wakoyo sakudziwa ntchito. Anthu onse amene awerama ndi mafosholo apatsa msewu msana, ndipo maso awo ndiwe. Ukachoka pamalo ako mbali imodzi ya msewu ili yotseka, magalimoto awiri akumana mphuno ndi mphuno pakati pa anzako. Akakuitananso umuyankhe mwaulemu kuti ubwera akayamba watsegula msewu kapena akaika wina m'malo mwako. Pangano nambala 155 la bungwe la ILO, loona za ogwira ntchito pa dziko lonse, la mu 1981, limati wogwira ntchito asalangidwe chifukwa chochoka pamene akuona kuti moyo wake uli pangozi yaikulu, ndipo mayiko ambiri anaika mfundo yotereyi m'malamulo awo a zantchito. Abwana a kampani akuyeneranso kudziwa kuti ngozi ikachitika iwe uli ku simenti, mlanduwo ndi wawo.

Koma nawenso dzisamale. Ima m'mbali mwa msewu, osati pakati, nkhope ikuyang'ana kumene magalimoto akuchokera, pamalo poti dalaivala akuone ali kutali. Usaime kuseri kwa pokhota kapena pansi pa chitunda, ndipo usaime pamthunzi wa mtengo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa pamthunzi suoneka. Ima wekha, anzako asakuunjirire kudzacheza. Usanayambe, yang'ana kumene ungathawire galimoto ikakana kuima, ndipo kumeneko kusakhale lole kapena ngalande. Foni ikhale m'thumba.

Ngati kampani ingathe, ipemphe chikwangwani chogwira m'manja, cholembedwa STOP mbali imodzi. Chimamveka kuposa mbendera, poti mbendera ukaigwedeza wina amayesa ukuti dutsa, wina amayesa ukuti ima. Iwe ndi mnzako wa mbali inayo muzionana, apo ayi mukhale ndi mawailesi olankhulirana, ndipo muziuzana galimoto yomaliza, mtundu wake ndi maonekedwe ake, musanatsegule mbali ina. Jekete lowala lija lili ndi muyeso wake, ISO 20471, koma likadzaza fumbi la simenti n'kuzilala silisiyana ndi malaya wamba. Uzilichapa, likatha upemphe lina.

Wokunyoza usamubwezere, ndipo wodutsa mwamwano usamutchingire ndi thupi lako. Dumphira kumbali, kuwa kuti anzako amve, lemba nambala yake, kapitawo akapereke kupolisi.

FUNSO: Zonsezi n'zabwino, koma ndikaziwerengera pa mtengo wa ntchito, anzanga amene saziwerengera amandipambana pa tenda. Ndiye tidya chiyani?
— Wotopa ndi Matenda a Tenda

YANKHO: Dandaulo lanu ndi loona, achimwene, ndipo mlandu wina ndi wa opereka ntchito amene amangothamangira mtengo wotsika, kenako n'kudzadabwa kuti pamsewu paikidwa migolo ndi miyala m'malo mwa zikwangwani. Koma pali zimene mungachite. Mukaona kuti pamndandanda wa ntchito palibe mzere wa kayendetsedwe ka magalimoto, lembani funso nthawi ya mafunso isanatseke, mufunse kuti zimenezi zilipidwa pati. Kawirikawiri pa tenda yankho limatumizidwa kwa opikisana onse, ndiye kuti aliyense akakamizika kuziwerengera. Ngati mzerewo ulipo, musaulembe ndalama yongoyerekeza kuti mupambane, chifukwa injiniya adzafuna zonse zimene zalembedwa, ndipo masiku amene wakuimitsani anyamata mudzawalipirabe.

Zikwangwani ndi makoni si simenti yoti ikathiridwa yapita. Mukazisamala zimagwira ntchito zambiri, choncho mtengo wake muugawe pa ntchito zingapo, osati kuusenzetsa tenda imodzi. Makontilakitala awiri kapena atatu akhoza kugula limodzi n'kumabwerekana, bola alembe pepala lonena kuti chikasowa alipira ndani. Zimene zimadya ndalama tsiku ndi tsiku ndi anthu: awiri oimitsa magalimoto, wowalandira akatopa, ndi mlonda wausiku. Amenewa muwawerengere masiku onse a ntchito, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu ngati dzenje likhala lotsegula. Ntchito ikatha, kapena mukaimitsa kwa masiku msewu uli wotsegula bwinobwino, chotsani zikwangwanizo kapena muziphimbe, chifukwa nazonso injiniya amaziyang'ana asanasaine kuti mwamaliza.